Nyanja Ndi Amana, Voti Yathu Iiteteze

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pa chisankho timasankha mtsogoleri wa dziko, aphungu ndi makhansala. Ife a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi tili ndi funso limene tiyenera kuika patsogolo pa aliyense wopempha voti yathu: kodi nyanja mudzaiteteza motani?

Chambo chimene kale chinkadzaza mabwato pa nyanja ya Malombe lero chikusowa. Chifukwa chake tikuchidziwa tonse: makoka a maso ang'onoang'ono, masikito amene boma limagawa kuti atiteteze ku malungo koma akusesa tiana ta nsomba, ndi kupha nsomba m'nyengo imene zikuswana. Lamulo la zausodzi la 1997 lilipo, makomiti a m'madoko aliponso, koma lamulo lopanda olilondoloza mwachilungamo limasanduka chikwapu cha osauka okha. Msodzi wa bwato limodzi amalandidwa ukonde, pamene mwini zombo zikuluzikulu amadutsa atapereka kangachepe. Kumeneko ndiko kupondereza, ndipo chipembedzo chathu chimakana kupereka ndi kulandira ziphuphu.

Chitsanzo chabwino tili nacho pafupi. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo siliona nkhope.

Choncho wopikisana akafika pa bwalo, mufunseni: adzaonetsetsa bwanji kuti oyang'anira zausodzi ali ndi maboti ndi mafuta olonderera nyanja? Adzachitanji kuti wolakwa aweruzidwe motsata malamulo, osati kumenyedwa pa doko? Nanga mabanja adzadya chiyani m'miyezi imene nyanja yatsekedwa? Wopereka nsalu, shuga kapena ndalama m'malo mwa mayankho akuphwanya lamulo la zipani la 2018, limene limaletsa kugula mavoti ndi mphatso zotere.

Mashehe ndi maimamu athu aphunzitse za udindo umenewu pa Jumuwa, koma mzikiti usasanduke bwalo la chipani. Voti ndi yachinsinsi. Mfumu, mwamuna kapena mtsogoleri wachipembedzo alibe mphamvu yolamula munthu amene angamuvotere.

Allah anatiika kukhala osunga dziko lapansi, ndipo nyanjayi tidzafunsidwa nayo pa Tsiku la Chiweruzo. Tiyeni tikavote mwamtendere, tikukumbukira ana amene adzaponya makoka pambuyo pathu.