Ziro wa kumanzere tisamunyoze

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a masamu, ndili nanu mawu. Ana timawauza kuti ziro wa kumanzere alibe ntchito, 007 ndi 7 basi. Pa bolodi n'zoona. Vuto ndi loti Excel naye anaphunzira masamu omwewo, ndipo iye safunsa munthu.

Tayesani kulemba nambala ya foni ya kholo mu Excel. Zambiri za Airtel zimayamba ndi 099, za TNM ndi 088. Mukangodina Enter, ziro uja wapita, atsala manambala 9 m'malo mwa 10. Mukati muchenjere muyambe ndi +265, chizindikiro cha + chisowa, ndipo nambalayo ioneka ngati 2.66E+11. Ndiye taganizani mlembi wa sukulu ku Ntaja kapena ku Ulongwe akufuna kuimbira kholo kuti mwana wadwala, pepala lomwe wasindikiza lili ndi zimenezo.

Ine ndimati nambala ya foni ndi dzina, ngakhale imalembedwa ndi manambala. Ya mayeso chimodzimodzi. Ndani anaphatikizapo mafoni awiri kuti apeze yankho? Chinthu chomwe simuphatikiza, simuchotsera, musamachipatse kompyuta ngati nambala. Sankhani Text musanayambe kulemba, kapena yambani ndi ' kenako ziro wanu. Ngati zinaonongeka kale, =TEXT(A2,"0000000000") abweza ziroyo. Maziro akhale khumi, muwerenge bwino.

Palinso nkhani ya kusanja. Mukapatsa ana a Fomu 1 manambala monga F1-1, F1-2 mpaka F1-120, Excel aika F1-10 ndi F1-100 patsogolo pa F1-2, chifukwa amayerekeza chilembo chimodzichimodzi ngati mmene mawu amasanjidwira mu dikishonale. Kenako wina akopera malikisi kuchokera papepala osayang'ana, mwana wakhama n'kulandira 23 ya mnzake. Lembani F1-001, F1-002, zonse zikhale zotalika mofanana, ndipo mndandanda uyenda wokha.

Kwa inu ana anga akale omwe mukulemba mapulogalamu tsopano (ndikumva ena muli ku Blantyre, ena mudakali pa Liwonde pompa), nambala yowerengera isungeni ngati nambala, ziro muzimuika poionetsa. Mu Python ndi str(7).zfill(3), mu C ndi %03d. Koma mu C momwemo musalembe 010 mukuganiza kuti ndi 10. Kumeneko ziro woyamba amatanthauza octal, ndipo 010 ndi 8.