Mwana wodziwa "koma" asaope "mas"

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza mng'ono wanga wa kalasi 8, kwathu ku Angónia, akuloweza maina a ziganizo zolumikizana za Chipwitikizi ngati pemphero: copulativa, adversativa, disjuntiva, conclusiva, explicativa. Ndinamuuza kuti alumikize "Estudei muito" ndi "não passei". Anangoti kukamwa yasaa. Nditanena m'Chinyanja kuti "Ndinawerenga kwambiri... sindinakhoze", anayankha nthawi yomweyo: "koma!"

Pamenepa ndi pamene tikuphonya pophunzitsa frase complexa m'makalasi 7 mpaka 9. Timayamba ndi maina, tanthauzo n'kubwera pambuyo. Chonsecho mwana wa ku Ulongwe kapena ku Tsangano wakhala akulumikiza maganizo kuyambira asanalowe sukulu. Ali ndi "koma" wa mas, "kapena" wa ou, "choncho" wa portanto, "chifukwa" wa porque, "ngakhale" wa embora. Chimene akusowa ndi mlatho chabe.

Mlathowo umafika ngakhale pa conjuntivo, pamene ana ambiri amagwera. Timati "Mayi aphika kuti mwana adye", osati "kuti mwana amadya". Chipwitikizi chimachitanso chimodzimodzi: "para que a criança coma", osati "come". Mneni amasintha pa chifukwa chofanana, poti kudyako sikunachitike, kukungofunidwa. Muuzeni mwana zimenezi, sadzaiwala.

Ena adzati mayeso amafunsa mainawo, ndipo Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, choncho Chinyanja chisalowe m'kalasi. Mainawo aphunzitsidwe ndithu, koma pamapeto, mwana atalemba kale ziganizo zake khumi za ku munda ndi ku msika. Dzina la chinthu chimene wachigwira ndi manja silivuta kusunga. Komanso Mozambique ili kale ndi maphunziro a zilankhulo ziwiri m'masukulu ena a pulayimale. Nanga n'kuletseranji mphindi zisanu za Chinyanja m'kalasi 8?

Sindikunena kuti zonse zimafanana. Ife timati "mvula ikagwa tidzabzala", ndipo "-ka-" mmodziyo akhoza kuimira se kapena quando. Chipwitikizi chimafuna usankhe: "se chover" ngati ukukayika, "quando chover" ngati ukungodikira tsiku. Timatinso "ngakhale akudwala" popanda kusintha mneni, pomwe embora amakakamiza "esteja doente". Mphunzitsi wabwino amaonetsa kusiyanaku poyera, mwana adziwe pamene mlatho wathera.

Nkhaniyi si ya mayeso okha. Kalata yopempha ntchito, lipoti la ku chipatala, dandaulo la malo, zonsezi zimaima pa porque, embora ndi portanto. Wolephera kulumikiza ziganizo amalephera kufotokoza mlandu wake, ngakhale chilungamo chili mbali yake.

Anzanga amene mukuphunzira uphunzitsi, mukadzagwira choko, yambani ndi "koma". Adversativa adikire Lachisanu.