Makina Othyolera Tiyi ndi Mwana wa Sitandade 8

Aphunzitsi anzanga, pali funso limene ndimakonda kufunsa ana a Sitandade 8 kuno ku Thuchila chaka chikamatha: "Kodi ukapanda kusankhidwa kupita ku sekondale, udzagwira ntchito yanji?" Ambiri amayankha mosakayika kuti adzapita kukathyola tiyi, monga anachitira amayi awo ndi agogo awo. Yankho limeneli linali lanzeru kwa zaka zambiri, pakuti chiyambire 1891, pamene Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje, mbewuyi yakhala ikufuna manja a anthu. Koma lero yankholi limandidetsa nkhaŵa.

Makina othyolera tiyi alipo kale. Anthu aŵiri kapena atatu akagwira makina amodzi amameta mzere wonse pa nthaŵi yochepa, ntchito imene gulu la anthu likanasŵerera tsiku lathunthu. Ku Kenya nkhaniyi inafika poipa mu 2023, pamene anthu a ku Kericho anatentha makina otere poona kuti akuŵalanda chakudya pakamwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. N'zoona kuti makina sasankha masamba aŵiri ndi nsonga monga zichitira zala za munthu wozoloŵera, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri amavutika. Komabe mwini munda amaŵerengera ndalama, ndipo tsiku limene adzaone kuti makina akumupindulira sadzayamba wafunsa mphunzitsi.

Tisaiŵale kuti khomo la ntchito lingatsekeke usiku umodzi. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, Boma linaletsa ulendo wa ku migodi, ndipo amuna amene sanadziŵe china koma fosholo anabwerera kumudzi manja ali m'khosi.

Tsono ena adzati sukulu zathu zilibe magetsi, nanga za makina tingaphunzitse bwanji? Ine ndikuti makina atizinga kale, ife ndife amene sitiŵaloŵetsa m'kalasi. Chigayo chinagoneka mtondo pansi. Njinga zamoto za kabaza zikukankhira pambali zakapalasa. Ndalama zimene kale tinkadikira ku positi ofesi zikufika pa foni, ndipo mtsikana amene wakhala pansi pa ambulera pamsika kutumiza ndi kupereka ndalamazo akugwira ntchito imene agogo ake sanailotepo. Iye analembedwa chifukwa amadziŵa kuŵerenga, kuŵerengera msanga ndi kusunga kaundula wosasokonekera.

Nachi chimene ndinayesa. Ndinatuma ana kukafunsa akuluakulu kwawo ntchito zitatu zimene zinatha ndi zitatu zimene zabwera, ndipo tinazilemba pabolodi m'mizere iŵiri. Maŵa lake tinapita kuchigayo. Wogayitsa anaŵasonyeza lamba, sefa ndi nyundo zam'kati, nafotokoza chimene chimachitika sefa ikang'ambika. Mnyamata wina amene sayankha kanthu m'kalasi anafunsa mafunso asanu, ndipo ine ndinachita manyazi kuti chaka chonse ndinkamuyesa mbuli. Pobwerera tinapanga masamu enieni: chigayo chikagaya matumba akuti pa tsiku, mafuta kapena magetsi nadya ndalama zakuti, mwini wake atsala ndi zingati?

Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala makaniko. Makina amodzi amachotsa anthu ambiri kuposa amene amaŵalemba, ndipo bala limenelo silingapoletsedwe ndi choko. Koma mphunzitsi amene amangoloŵezetsa ana mayankho a mayeso akuŵakonzekeretsa ntchito yobwereza chinthu chimodzimodzi, imene makina amayamba kulanda.

Inu amene mukupita kukayesera kuphunzitsa teremu ikudzayi, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, mubwereke njinga yakale kwa wokonza njinga wa pafupi, ana aimasule ndi kuimanganso okha, atsikana akhale oyamba kugwira sipanala.