Kodi Tidapindula Potuluka m'Chitaganya?

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu a ku Mvera, ku Chezi ndi m'mapiri monse mwa Dowa ndi Ntchisi,

Pa 3 Marichi chaka chilichonse dziko lathu limakumbukira anamatira, abale athu amene adaphedwa m'chaka cha 1959 pokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyacho chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo zaka zoposa 60 zapita tsopano. Komabe m'miphakati yathu, pamaliro ndi m'misika timamva mawu awiri osiyana. Ena amati Kamuzu adaphwanya Chitaganya natipatsa ufulu, ndipo kwa iwo nkhani imathera pomwepo. Ena, makamaka feteleza akakwera mtengo kapena mankhwala akasowa kuchipatala, amati kudali bwino nthawi ya azungu. Mawu onse awiriwa amatseka pakamwa pa munthu wofuna kufunsa, ndipo andale amadziwa kugwiritsa ntchito onsewo. Nchifukwa chake bungwe lathu laona kuti ndi bwino tifunse poyera ngati tidapindula potuluka, ndiponso kuti mtundu wa anthu umayesa bwanji chinthu chotere.

Funsoli silathu tokha. Anthu a ku Britain adavota mu Juni 2016 kuti atuluke mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, natuluka pa 31 Januwale 2020, ndipo mpaka lero akutsutsanabe ngati adachita bwino. Maiko a Mali, Burkina Faso ndi Niger adatuluka mu ECOWAS mu Januwale 2025. Iwo onse akuyesa chimanga chikadali m'munda. Ife tili ndi mwayi woti mbewu yathu idakololedwa kale, nkhokwe tidaiona.

Chimene makolo athu ankakana

Chitaganya chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda a dziko lino atachikana momveka. Mafumu adapita mpaka ku London kukadandaula, koma sadamvedwe. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando chaka chomwecho chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, mudali mipando 35, ndipo anthu akuda a maiko onse atatu adapatsidwa 6 yokha. Wa ku Nyasaland kuno adali awiri, Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano. Nduna yaikulu yoyamba, Godfrey Huggins, imakumbukiridwa chifukwa chofanizira mgwirizano wa azungu ndi anthu akuda ndi ubale wa kavalo ndi womukwera.

Makolo athu sadachite kuwerenga m'mabuku za moyo wa ku Southern Rhodesia. Adauona ndi maso. Mishoni ya Mvera idatsegulidwa mu 1889 ndi abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo mu 1912 a Vlok omwewo adapita ku Salisbury kukatumikira anthu a kwathu kuno amene adali atachuluka kale m'migodi, m'mafamu ndi m'makhichini a kumeneko. Amuna a ku Dowa ankabwerako atanyamula njinga ndi mabulangete, koma ankabweranso ndi nkhani za chitupa, za malo oletsedwa kwa munthu wakuda, ndi za lamulo la 1930 limene lidapatula pafupifupi theka la nthaka ya dzikolo kuti likhale la azungu. Mantha awo adali akuti nthaka ya makolo ilandidwa, ndiponso kuti dziko lidzalamulidwa mpaka kalekale ndi anthu amene iwo sangathe kuwachotsa.

Tikayesa ndi muyeso umenewu, yankho silovuta. Mu Ogasiti 1961 kudachitika chisankho chimene Malawi Congress Party idapambana, mu Disembala 1962 boma la Britain lidavomera kuti Nyasaland ituluke, ndipo pa 6 Julayi 1964 mbendera yathu idakwezedwa. Amene amati kukhalamo kukadakhala bwino ayang'ane zimene zidachitika kwa otsalira. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith adalengeza ufulu wa azungu okhaokha, ndipo Zimbabwe sidamasuke mpaka 1980, itadutsa m'nkhondo imene idapha anthu zikwi zambiri. Akadakhala kuti Dowa ndi Ntchisi zidali pansi pa Salisbury zaka zimenezo, ana athu akadafera m'tchire limodzi ndi ana a kumeneko. Pamenepa tinene mosabisa kuti makolo athu adaona kutali, ndipo kutuluka kudali koyenera.

Chimene tidasiya pakhomo

Chilungamo chikutikakamiza kunenanso zimene nyimbo za chipani sizinkanena. Chitaganya chidali ndi zake zimene chinkatipatsa. Zaumoyo zidali m'manja mwa boma la Chitaganya, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa m'nthawi imeneyo, mu 1958. Ndalama zina zochokera ku misonkho ya mkuwa wa ku Northern Rhodesia zinkafika kuno. Titatuluka, ndalamazo zidasiya kubwera, ndipo boma la Britain lidakhala likuthandiza kulipira bajeti yathu mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Inde, gawo lalikulu linkapita kummwera: damu la Kariba lidamangidwa ndi ngongole ya Chitaganya pamene magetsi a pa Nkula adayembekezera mpaka 1966, ndipo sukulu ya ukachenjede idamangidwa ku Salisbury pamene yathu idayamba kuphunzitsa mu 1965. Koma nyenyeswa zimene tinkalandira zidali zenizeni, ndipo kuzisiya kudali ndi mtengo wake.

Mtengo wina adaulipira machona. Malire atakhala malire enieni, ana ndi zidzukulu za amuna aja a ku Salisbury adasanduka alendo m'dziko lobadwira. Mu 2000, mafamu a azungu atayamba kulandidwa ku Zimbabwe, pakati pa antchito amene adathamangitsidwa padali amagazi athu ambiri, ndipo lamulo la 2001 lidachititsa kuti ambiri a iwo asowe unzika uliwonse. Mabanja ambiri a kuno ali ndi malume amene adapita ku Halale osabwereranso. Mwina nkhani yake yonse sitidaimve.

Ana a Israele atatuluka m'dziko la Ejipito adayamba kukumbukira miphika ya nyama ya kumeneko, monga timamvera m'buku la Eksodo. Sadanene bodza, nyamayo idaliko. Chimene adaiwala ndi njerwa zimene ankaumba. Wolakalaka nthawi ya Chitaganya afunse agogo ake ngati ankaloledwa kulowa pakhomo la kutsogolo kwa sitolo ku Limbe, kapena ankagulira pawindo.

Ufulu udalowa m'manja mwa yani?

Apa ndi pamene nkhani imawawa, ndipo apa ndi pamene tiyenera kuchedwapo. Kutuluka m'Chitaganya ndi chinthu chimodzi, zimene tidachita ndi ufuluwo ndi chinthu china. Amene amasakaniza ziwirizi amalakwa mbali zonse: wina amatamanda ulamuliro wonse wa zaka 30 chifukwa cha tsiku limodzi la 1963, wina amanyoza tsikulo chifukwa cha zaka 30 zotsatira.

Mu 1959 bungwe lofufuza la a Devlin lidanena kuti Nyasaland idasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mawuwa adachititsa manyazi boma la Britain. Koma patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, mu Seputembala 1964, nduna zimene zidamenya nkhondo yokana Chitaganya, a Henry Chipembere, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza ndi anzawo, zidachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, ndipo ambiri adathawa m'dziko. Mu 1966 tidakhala dziko la chipani chimodzi, mu 1971 mtsogoleri adakhala wa muyaya. A Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu Meyi 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza.

Ife a ku Dowa sitiyenera kufunsa kutali. Dzaleka ili m'boma lathu lomwe lino. Isadakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, idali ndende ya anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, pamodzi ndi a Mboni za Yehova amene mpingo wawo udaletsedwa mu 1967. Amene ankawalondera sadachokere ku Salisbury. Adali ana a m'midzi yathu, ena obatizidwa m'matchalitchi athu. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene dziko lonse lidasankha nyali ya zipani zambiri ndi mavoti 63 pa 100 aliwonse, ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi adavotera tambala wakuda. Sitikunena izi kuti tichititse wina manyazi. Anthu adali ndi zifukwa zawo, ndipo adali ndi ufulu wovota motero. Tikungokumbutsa kuti kwathu kuno funso la Chitaganya limamangika ku chikondi cha pa munthu mmodzi, ndipo chikondi chimachititsa kuti kuyesa kukhale kovuta. Ufulu wochotsa wolamulira, umene anamatira adaufera mu 1959, tidaugwiritsa ntchito koyamba pa 17 Meyi 1994. Udachedwa zaka 30, ndipo amene adauchedwetsa sadali Roy Welensky.

Nanga nthaka? Azungu a ku Rhodesia sadailande, ndipo chimenechi nchopambana chenicheni. Koma m'zaka za m'ma 1970 minda yambiri ya makolo m'chigawo chapakati idasanduka maesiteti a anthu a mphamvu m'boma ndi m'chipani. Lamulo la mbewu zapadera lidaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale, ndipo chiletsocho chidayamba kumasulidwa mu 1990. Mlimi wa ku Dowa ankalima fodya wa chikopa ndi mtedza nkugulitsa ku ADMARC yokha, pamtengo umene boma lakonda, ndipo phindu lake linkapita kukakulitsa maesiteti omwe aja. Mwana wake ankakalowa utenanti pa nthaka imene kale idali ya mfumu yake. Wokwera kavalo adasintha khungu, koma msana wa mlimi sudapume kwenikweni.

Msewu wa kummwera nawo sudatsekeke. Tidatuluka m'Chitaganya koma tidapitiriza kutumiza amuna ku Wenela, kufikira ndege yonyamula antchito a m'migodi idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha Amalawi oposa 70. Likulu lathu la Lilongwe, limene lidatsegulidwa mu 1975, lidayamba kumangidwa ndi ngongole ya boma la tsankho la South Africa. Lero anyamata a ku Mvera akukwerabe basi ya ku Joni, ndipo mu 2008 ndi mu 2015 tidaona mabasi akuwabweza atathawa zipolowe zolimbana ndi alendo. Mafuta athu amadutsa ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 alionse, ndipo amayi ogulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu wa ku Salima adazimva sabata lomwelo. Dziko lopanda doko silingatuluke mwa anansi ake. Nchifukwa chake tidalowanso m'migwirizano ina: tidali nawo poyambitsa SADCC mu 1980, imene lero ndi SADC, ndipo pangano la COMESA lidakhazikitsidwa ku Lilongwe komwe kuno mu Disembala 1994. Kusiyana kwake nkwakuti m'menemu tidalowa tokha ndipo tili ndi mpando wathuwathu. Makolo athu sadakane kukhala ndi anansi. Adakana kumangidwa goli popanda kufunsidwa.

Sitikufuna kukana zabwino za pambuyo pa 1964. Misewu, sukulu za sekondale, njanji ya ku Salima mpaka ku Lilongwe ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu zidamangidwa ndi boma lathu, ndipo boma la ku Salisbury silikadaika likulu pafupi ndi Dowa. Koma zimenezi ziyesedwe ngati ntchito za boma, monga tiyesera ntchito za maboma onse otsatira, pofunsa kuti zidadya ndalama zingati, adalipira ndani, adapindula ndani. Wandale akabwera kudzapempha voti ponena kuti chipani chake ndicho chidaphwanya Chitaganya, mumuyamikire mbiriyo, kenaka mumufunse za mjigo wowonongeka ndi za ndalama za chitukuko cha dera lino. Wina akabwera kudzanena kuti mavuto onse adayamba ndi Kamuzu, mumufunse zimene zachitika kuyambira 1994, popeza zaka zake tsopano zaposa zija za chipani chimodzi.

Pempho lathu ku miphakati

Amene adali anyamata ndi atsikana mu 1959 tsopano apitirira zaka 80, ndipo akutha. Tikupempha mphakati uliwonse kuti pa msonkhano wa sabata yoyandikira 3 Marichi uitane agogo mmodzi kapena awiri, Akatolika kapena a mpingo wina, ndipo ngati alipo amene adakhalapo ku Dzaleka kapena ku Halale, ayambe ndi iwowo. Afunsidwe zimene ankaopa Chitaganya chisadathe, zimene adalonjezedwa, ndi zimene adaziona pambuyo pake. Achinyamata alembe mayankhowo monga anenedwera, osakonza ndiponso osachotsa zowawa. Alembi a miphakati atumize zolembedwazo ku ofesi ya parishi Lamulungu la Kanjedza lisadafike, kuti komiti ya Chilungamo ndi Mtendere idzaziwerenge pamodzi ndi atsogoleri a matchalitchi onse m'nyengo ya Pasaka.