Ana asangobindikira m'nyumba ku Glasgow

Ananu, sabata ino ndikulankhula ndi inu amene muli ku Glasgow, kaya pantchito kapena pasukulu, komanso inu amene mukukonzekera kupita ndi ana kukaona abale kumeneko. Dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti kunja kukuzizira ndipo chilichonse n'chandalama, ndiye ana angokhala pa TV. Ayi ndithu. Mwana wongobindikira amanenepa, sagona bwino usiku, ndipo amavuta. Mukamati wayamba mwano, nthawi zina vuto n'kusowa kothamangira basi.

Za ndalamazo musanamizire. Nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu zakale za mzindawu n'zaulere polowa. Yambani ndi Kelvingrove, yomwe idatsegulidwa mu 1901. M'katimo muli njovu youmikidwa dzina lake Sir Roger, ndipo chapamwamba adapachika ndege yankhondo ya Spitfire. Njovuyi ndi ya ku Asia, choncho mufunseni mwana ayerekeze makutu ake ndi a njovu zathu za ku Liwonde. Aona yekha kuti zathu zili ndi makutu aakulu.

Ku Riverside Museum, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, nakonso salipiritsa. Kuli sitima zapamtunda, mabasi, njinga ndi galimoto zamakedzana, ndiponso msewu wathunthu womangidwa monga unkaonekera kale, ndi masitolo ake omwe. Kukagwa mvula, kumeneku ndiye kothawira. Kukacha bwino pitani ku Pollok Country Park akaone ng'ombe zaubweya wautali wophimba m'maso. Ku Glasgow Science Centre amalipiritsa, kusungireni tsiku lobadwa la mwana.

Koma ulendo womwe sindifuna muuphonye ndi wa ku Blantyre. Inde, Blantyre wa ku Scotland, pafupi pomwepo pasitima kuchokera ku Glasgow Central. Kumeneko ndi komwe David Livingstone adabadwira mu 1813, m'kachipinda kamodzi komwe banja lonse linkagonamo, ndipo adayamba ntchito pafakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Amishoni a ku Scotland adatcha Blantyre wathu dzinali mu 1876 pomukumbukira. Mwana wobadwira kunja, amene Malawi amangomumva pafoni, akafika pamenepa amayamba kufunsa mafunso. Muyankheni m'Chichewa, chonde.

Tsopano zaunamwino. Muvekeni mwana zovala zingapo zopyapyala, china pamwamba pa chinzake, osati chijuzi chimodzi chokhuthala, chifukwa m'nyumbazi mumatentha ndipo akatuluka ali thukuta ndiye amazizidwa kwambiri. Jekete yosalowa madzi, chipewa ndi masokosi apadera zisasowe m'chikwama. Tengani kamba wakunyumba ndi madzi, zakudya zogula kumeneko zimadula. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye nyamukani m'mawa.

Dzuwa lochepali lili ndi vuto linanso. Khungu lathu lakuda limachedwa kupanga vitamini D, yemwe amalimbitsa mafupa, ndipo akasowa miyendo ya mwana imatha kupindika. Azaumoyo kumeneko amalangiza anthu akhungu lakuda kumwa vitaminiyu chaka chonse. Funsani kwa namwino woyendera ana kapena kufamase. Mwana akadwala usiku imbani 111, zikafika poopsa 999.

Pomaliza, abambo ndi amayi, gwirani mtima. Kuyambira mu Novembala 2020, kumenya mwana ku Scotland ndi mlandu, ngakhale kakhofi kamodzi, ngakhale mwanayo ndi wanu. Lamuloli silisiya mlendo. Mwana akayamba kudzigwetsa pansi pagulu, nthawi zambiri ndi njala kapena kutopa. Mutengereni pambali, mpatseni chakudya, ndipo ngati sakutonthola bwererani kunyumba. Njovu ija muipezanso Loweruka likubwerali.