Moto Suzima pa Zaka 49

Pali bodza limene lazika mizu m'masukulu aukachenjede ndi m'maofesi a zaumoyo, lakuti Chichewa n'chinenero chamanyazi, chosatha kukamba za m'nyumba popanda kulaula. Bodzali lavulaza ambiri, koma amene lawapweteka kopambana ndi amayi ndi abambo opitirira zaka 50, amene chikondi chawo chasanduka chinthu chopanda dzina.

Chichewa sichinasowepo mawu a nkhani zimenezi. Anankungwi ankalangiza namwali kutsimba, nalangizanso banja latsopano, mayi wa mimba yoyamba pa chisamba, ndiponso makolo ikakwana nthawi yotenga mwana. Kudika, mdulo ndi tsempho ndi mawu aluso, ofotokoza nthawi imene mwamuna ndi mkazi ayenera kudziletsa ndiponso chimene chimaopedwa akapanda kutero. Munthu angatsutse chikhulupiriro cha mdulo, ndipo madokotala ali ndi zifukwa zotsutsira, koma sangakane kuti mawuwo alipo. Umphawi unadza pamene chinenero chinalowa m'mabuku. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anatsata Chihebri posankha mneni wakuti "kudziwa". Lamulo lounika zolembedwa la 1968, chaka chimene Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko la Malawi, linaphunzitsa olemba kulambalala. Papepala panatsala chining'a, pamsewu panatsala chitukwano, ndipo pakati pake panalibe kanthu.

Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, dziko linakakamizika kuyankhula, koma linayankhula ndi achinyamata. Mauthenga a kondomu ya Chishango, imene inayamba kugulitsidwa mu 1994, anali a zibwenzi ndi a kumowa, osati a banja la zaka 30. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo a zaka 15 mpaka 54. Malirewo anaikidwa poyang'ana kubereka, koma phunziro limene amapereka n'lakuti mayi akasiya kusamba nkhani yake yatha. Komatu mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Mayi amene anawayamba chaka chimenecho ali ndi zaka 35 anakwanitsa zaka 55 mu 2024. Ali moyo, ali ndi thupi, mwina ali ndi bwenzi. Namwino wa msinkhu wa mdzukulu wake adzamufunsa ndi mawu ati? Kawirikawiri samufunsa, amangoti "agogo, imwani mankhwala".

Chetechete ameneyu sagwera amuna ndi akazi mofanana. Za mwamuna amati ndi tonde, azinunkha, ndipo bambo wachikulire akakwatiranso anthu amati wapeza womuphikira. Mayi wamasiye wa msinkhu womwewo akafuna mnzake, dzina limene limamudikira ndi la uhule. M'madera ena mayi wosiya kusamba amauzidwa kuti akapitiriza kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake adzadwala, chiphunzitso chimene sayansi siivomereza. Iye amachoka pamphasa, mwamunayo n'kupita kwa atsikana, matenda n'kulowera pakhomo pomwepo. Thupi la wamasiye limakambidwa poyera pokhapokha likakhala mlandu, monga mu 2016 pamene Eric Aniva wa ku Nsanje analamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri chifukwa cha kulowa kufa, potsata lamulo la 2013 loona za kufanana kwa amuna ndi akazi. Lamulolo linachita bwino kuletsa chimene wamasiye safuna. Za chimene afuna, palibe buku limene lamupatsa mawu.

Otsutsa amati kukamba zoterezi n'kuchotsera ulemu akuluakulu. Aiwala kuti nankungwi mwiniyo anali wamkulu, ndipo ulemu wake unkachokera m'kudziwa kutchula zinthu pamalo pake ndi kwa oyenera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma mwambiwo ukunena za moto wa ena. Sukunena kuti wawo unazima.

Ntchito ili m'manja mwa akatswiri a zinenero. Likulu loona za zinenero la pa Yunivesite ya Malawi, limene linalowa m'malo mwa bungwe la Chichewa Board mu 1996, linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Buku lotsatira liyenera kutola mawu kwa anankungwi a ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angónia iwo asanathe, n'kuwasanja molongosola kuti ili ndi la kuchipatala, ili la pakati pa okwatirana, ili lachipongwe. Ophunzira amene akufunafuna mutu wa kafukufuku aleke kubwereza za zining'a za achinyamata, akamvetsere mmene mayi wa zaka 60 amafotokozera kuuma ndi kuwawa kwa thupi lake. Wodwala wosowa mawu amabwerera kwawo ndi matenda ake, ngakhale mankhwala ali pashelefu.