Kambale ka M'kabati

Mwezi uno tikambirane za ziwiya za ana.

Ku Mangalande kuli mzinda wa Stoke-on-Trent, umene unatchuka ndi kuumba mbale zadothi, zoyera zosweka zija. Amisiri a kumeneko anayamba kuumbira ana mbale ndi makapu awoawo, najambulapo zithunzi ndi mawu a tinyimbo ta ana. Kampani ya Shelley inatulutsa zojambula za mayi Mabel Lucie Attwell mu 1926, ndipo ya Royal Doulton inatulutsa za tiakalulu, zotchedwa Bunnykins, mu 1934. Nzeru yake inali yokoma ndithu: chithunzi chili pansi pa phala, tsono mwana wofuna kuona kalulu ayambe watsiriza phalalo.

Lero ziwiyazi zasanduka chuma cha akuluakulu. Amazigula pa mtengo wokwera, makamaka za Shelley zimene zinaleka kupangidwa mu 1966, nazitsekera kumene mwana sangafike.

Ife kuno ku Uliwa tisawaseke msanga. M'makabati a nyumba zina muli kambale kapena kakapu kamene agogo anabwera nako m'bokosi lachitsulo pochokera ku Joni kapena ku Wankie, kodikira mlendo amene mpaka lero sanafike. Kuti ana sadyeramo sitidandaula kwambiri, pakuti utoto wa mbale zina zakale uli ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana, makamaka mbaleyo ikang'aluka. Chotidetsa nkhawa n'chakuti mbiri yake ikupita. Maulendo a Wenela anaimitsidwa mu 1974, ndipo amene anawayenda atsala owerengeka. Maliro akatha, pogawa katundu, kambale kosadziwika mwini wake woyamba kamaponyedwa kukhonde kuti nkhuku zizimweramo.

Nanga nyimbo? Anzathu aja anasindikiza zawo pa dothi, ndipo zimawerengeka ngakhale woimba anapita kale. Zathu, za Chitumbuka ndi Chinkhonde, zimene amayi ankatonthozera mwana kumbuyo akusinja chinangwa cha kondowole, palibe mmisiri anaziika pa mbale. Zili m'kamwa mwa agogo basi.

Inu achinyamata, sukulu akatsekera, tengani kope ndi pensulo. Tulutsani kambaleko, mukatembenuze, mulembe dzina la kampani limene lili kunsi kwake. Kenaka funsani agogo amene anakagula, chaka chake, ndi nyimbo imene ankaimbira bambo wanu pokana phala.